Mkondo wa Kamnyamata: Nkhani ya ku Chitungwiza

Madzulo ano tikamba za mudzi wina ndi za munthu wina amene anafa kale, ndipo podzera mwa iye tifunsa cifukwa cace mtima wa munthu umauma pamene cinthu catsopano cafika pakhomo.

Munthu akacoka mu mzinda wa Harare kulinga kumwera, nayenda mailosi ngati 15, aoloka mtsinje wa Manyame, umene Azungu anali kuuchula Hunyani, ndipo afika ku Chitungwiza. Ndi mzinda waukulu, wa anthu oposa 370,000 monga mwa kalembera wa caka ca 2022, koma si wakale ai. Boma la Rhodesia linaupanga mu 1978 pakuphatikiza makomboni atatu, St Mary's, Zengeza ndi Seke, kumene anthu akuda ogwira nchito mu Salisbury anali kugona, kutali ndi nyumba za Azungu, nadzuka mbandakuca kukakwera basi. Mzinda ngwatsopano, koma dzina lace ndi lakale. Analitenga ku mudzi wa mlosi wochuka wa Amashona, amene anthu amkumbukila ndi dzina lakuti Chaminuka.

Tiyambe ndi zimene zinacitikadi, nthano ibwere pambuyo. Chaminuka si dzina la munthu, koma la mzimu, umodzi wa mizimu yaikulu ya dziko imene Amashona aichula mhondoro. Mzimu wotere ugwira munthu nulankhula ndi pakamwa pace. Inu a ku Nsanje, amene mudziwa za Mbona ndi kacisi wace wa ku Khulubvi, simudabwa nazo izi. Ngakhale inu a ku Lilongwe, amene munamva za Makewana wa ku Msinja. Munthu amene mzimu wa Chaminuka unamgwira masiku amenewo anali Pasipamire. Anthu anali kudza kwa iye kucokera kutali kudzapempha mvula, alenje a njobvu anali kudzapempha njira, ndipo ngakhale Lobengula, mfumu ya Amandebele ku Bulawayo, anali kumtumizira mphatso. Koma mafumu awiri sakhalitsa m'dziko limodzi, ngakhale wina agwira mkondo ndi wina agwira mvula. M'caka ca 1883 Lobengula anamuitana. Pasipamire ananyamuka ndi anthu owerengeka, ndipo pafupi ndi mtsinje wa Shangani anakomana ndi ankhondo, namupha pomwepo.

Mlenje wa Cingerezi, Frederick Selous, amene anali kuyendayenda m'dziko muno zaka zomwezo, analemba za imfa imeneyi m'buku lace la 1893. Mwa zimene anafotokoza muli kanthu kamene ndifuna mukasunge. Nkhalambayo, itaona kuti imfa yafika, siinathawe, koma mwana wace wamwamuna ndiye anazemba, nathamangira kumudzi kukacenjeza anthu; ndipo pamene ankhondo anafika ku Chitungwiza anapeza anthu atabalalika kale.

Tsopano imvani momwe agogo a Cishona aikambira nkhani yomweyi, moto uli lawilawi madzulo. Ati ankhondo anamzinga, naponya mikondo yao, koma mikondo siinalowe m'thupi mwace. Anayesa amuna amphamvu, ozolowera nkhondo, mpaka mikono yao inalema, iye ali khale pansi. Pamenepo iye mwini anawauza kuti munthu wamkulu sangathe kumupha, koma abwere naye kamnyamata kosadziwa kanthu. Anabwera nako, nakapatsa mkondo, ndipo mkondo wa kamwanako ndiwo unalowa. Asanatsirizike ananeneratu kuti kudzafika anthu opanda maondo, amene adzalanda dziko, ndi kuti Lobengula sadzawalaka.

Zaka zisanu ndi ziwiri zitapita, mu September 1890, gulu la Azungu la Cecil Rhodes linakweza mbendera pa malo amene anawacha Fort Salisbury, atabvala mabuluku aatali obisa maondo. Mu 1893 Lobengula anathawa, Bulawayo ali kupsa m'mbuyo mwace.

Anthu ophunzira amakonda kufunsa ngati mau a ulosiwo ananenedwadi tsiku lomwelo, kapena anaphatikizidwa pambuyo pace anthu ataona mabuluku ndi maso ao. Nthanoyi yadutsa m'manja ambiri. Wansembe Arthur Shearly Cripps anaikamba mwa njira yace mu 1928, Solomon Mutswairo mwa njira inanso mu 1983, ndipo Terence Ranger, katswiri wa mbiri, anasonyeza mu 1982 kuti anthu a nyengo zosiyana anaiumba imfa ya Chaminuka monga mwa zosowa zao. Ine sindiona cobvuta pamenepa. Nthano siisunga masiku ndi miyezi monga kalata ya kwa Bwanamkubwa. Isunga cimene anthu anamva m'mtima, ndipo pa nchito imeneyo kawirikawiri inena zoona kuposa kalata.

Nanga anamva ciani? Taonani poyamba thupi limene mkondo ulephera kulowa. Ali yense amene anayesa kutembenuza nkhalamba pa cinthu cimene inakula naco alidziwa thupi limeneli. Mubwere ndi mau anzeru, mubwere ndi ziwerengero, mubwere ndi cilango, zonse zigwa pansi ngati mikondo ya Amandebele, ndipo mukalimbikira kuponya khungu likhwimirakhwimira. Ife timafulumira kunena kuti munthu wotere ndi mbuli, kapena waliuma. Nthano siitero. M'nthano munthu wosalasikayo ndiye wanzeru woposa onse pabwalopo, ndiye yekha adziwa cimene cirikudza. Adziwanso kuti nthawi yace yatha. Cimene akana si imfa, cifukwa anayenda ndi mapazi ace kukakomana nayo. Akana kufa ndi dzanja la munthu wodza ndi ukali, ndipo asankha yekha dzanja limene adzagonjera.

Mau akuti opanda maondo nawonso ali ndi pakati pace. Kwa ife maondo ndi ogwadira. Mkamwini agwada kwa apongozi, mwana agwada polandira kanthu, mlendo anyonyomala pofunsa njira. Munthu wopanda maondo ndiye amene alowa m'mudzi ciriri, wosaodira, wosapempha. Sindinena kuti agogo aja anakhala pansi napangana tanthauzo limeneli. Koma mau akakhala m'kamwa mwa anthu zaka zoposa 100 osatayika, ndiye kuti akhudza penapace. Mantha a anthu sanali pa nsaru yobvala kumiyendo. Zidzukulu za iwo omwe anakamba nthanoyi zinabvala mabuluku mokondwa, mpaka kukangana za mzere wa simbi.

Pano ndikumbuka nanzikambe wathu, amene ena amuti birimankhwe. Mudziwa kuti Cauta anamtuma kwa anthu ndi mau akuti akafa adzaukanso, koma iye anacedwa m'njira, ndipo buluzi anamdutsa ndi mau ena akuti akafa afa ndithu. Amashona ndi Amandebele ali nayo nthano yomweyi. Kale ana akampeza nanzikambe anali kumthira fodya m'kamwa kumlanga cifukwa ca kucedwa kwace. Koma tamuyang'anani bwino. Iye asintha maonekedwe ace mosabvuta: pa tsamba ali wobiriwira, pa khungwa wada. Mwendo ndiwo ubvuta. Aukweza, augwedeza kutsogolo ndi kumbuyo, ngati afunsa nthambi kuti kodi udzandisenza? Munthu ali cimodzimodzi. Cobvala, nyimbo, ngakhale cinenero asintha mosabvuta. Koma pa zinthu zimene apondapo, ndizo munda, manda ndi dzina la kwao, mwendo ucita kunjenjemera.

Tiyese tsopano nthanoyi pa mbiri yolembedwa, tione ngati iima.

Mu 1926 Boma la Southern Rhodesia linalemba nchito Emory Alvord, mmishoni wa ku America, kuti aphunzitse anthu akuda malimidwe atsopano. Iye anaphunzitsa alangizi ku Domboshawa, nawatumiza m'midzi kukalima timinda tacitsanzo, kuti anthu aone okha cimanga ca m'munda wothira manyowa. Ena anaona natsata, ambiri anangoyang'ana. Boma linataya mtima ndi kucedwa kumeneku, ndipo mu 1951 linakhazika lamulo lochedwa Native Land Husbandry Act. Lamuloli linapima munda wa banja liri lonse, linawerenga ng'ombe zimene munthu aloledwa kuweta nkumkakamiza kugulitsa zotsala, linalamula kukumba migula yochinga madzi, imene Amashona aiti makandiwa, ndipo munthu amene anali kutauni nthawi ya kugawa minda anali pa ngozi ya kutaya malo ace kumudzi. Kunena zoona, nthaka inalikukokoloka ndithu, ndipo migula iletsadi madzi. Koma anthu anadziwanso cifukwa cace anapanikizana pa nthaka yamcenga: lamulo lina la 1930 linali litapatula theka la dziko kuti likhale la Azungu. Tsono dzanja lomwe linalanda munda ndilo linabweranso kudzaphunzitsa kasamalidwe ka kotsalako. Anthu anazula zikhomo za opima minda, anabisa ng'ombe kwa abale, ndipo cipani ca Congress, cimene cinayamba mu September 1957, cinapeza anthu acikhamu m'midzi cifukwa ca lamulo limeneli. Pofika 1962 Boma linaliimika.

Inu a ku Malawi mwayamba kale kugwedeza mitu, cifukwa mawu akuti malimidwe muwakumbuka. Itapita njala ya 1949, Boma la Bwanamkubwa Geoffrey Colby linalimbikitsa malamulo a kulima mizere yopingasa m'malo mwa matutu a makolo, kukumba milambala, kubzala pa tsiku loikika ndi kuzula mapesi. Wolakwa anali kulipitsidwa, kapena kumangidwa, pena mbeu zace kuzulidwa. Mu 1953 Inkosi Philip Gomani ya ku Ncheu, pokana citaganya ca maiko atatu, inauza anthu ace kuti aleke kumvera malamulo a malimidwe. Boma linaicotsa paufumu, ndipo inamwalira caka cotsatira. Caka comweco ca 1953 kunabuka cipolowe ku Thyolo ndi m'maboma ena a kumwera, anthu nafa ndi mfuti za apolisi.

Koma yendani lero kucokera ku Mulanje mpaka ku Mzimba mwezi wa October, muone minda. Mizere yokhayokha. Cinthu cimene agogo analowera ndende pocikana, adzukulu acicita popanda kapitao woimirira kumbuyo, ndipo mukawafunsa ati ndiwo malimidwe a makolo athu. Mwana anaphunzira kuunga mzere kwa amace, osati kwa mesenjala, ndipo kwa iye mzere ulibe fungo la ndende. Tsono cosekeretsa ndi ici: alangizi a masiku ano afika ndi ulimi wa mtayakhasu, nati lekani kugaula mizere caka ndi caka, phimbirani nthaka ndi mapesi; ndipo alimi ambiri akana, nati munda wopanda mizere ndi munda wa mlesi. Mikondo yayambanso kugwa pansi, ndipo tsopano igwa poteteza cinthu comwe cija cinali mdani.

Tibwerere ku Chitungwiza, pakuti kumeneko kuli abale athu amene nkhaniyi iwakhudza koposa. Kuyambira kale amuna a ku Nyasaland, a ku Fort Jameson ndi a ku Tete anali kutsika kudzafuna ndalama ya msonkho ndi ya nsaru. Oyamba anayenda pansi, kuoloka Zambezi pa Tete ndi kudzera ku Mutoko. Apambuyo anakwera magalimoto a Ulere kapena kulembedwa ndi Mthandizi. Bungwe limene Boma la Nyasaland linaika mu 1935 kuti lifufuze za ulendowu linayesa kuti amuna ngati 120,000 anali kunja kwa dziko. Anagwira nchito m'mapulazi a fodya, m'migodi, m'makhichini ndi m'mafakitale a mu Salisbury, ndipo eni dziko anawacha Mabhurandaya, kucokera ku dzina la Blantyre. Kwao anawacha macona. Ambiri a iwo, popeza analibe mudzi m'dziko lino wopitako atakalamba, anakhazikika m'makomboni monga St Mary's.

Palibe mcona amene ananyamuka kwao ndi mtima wakucona. Ali yense anati zaka ziwiri, ndigule njinga ndi bulangete, ndibwerera. Ambiri a inu mumdziwa mkulu wotere, kapena ndi ambuye anu enieni: sutikesi iri pansi pa bedi, m'katimo muli suti yosabvala yodikira tsiku la ulendo, ndipo akati kwathu sanena nyumba imene wagonamo zaka makumi anai, koma mudzi wa ku Dedza kapena ku Mangochi umene anthu omdziwa anatha kale. Madzi saiwala khwawa, atero iye. Ndipo pocita cidikire anamanga kwao kwina pomwepo. Anayambitsa mabungwe a maliro, kuti munthu asaikidwe ngati galu m'dziko la eni. A mpingo wa ku Nkhoma anali ndi mbusa wao mu Salisbury kuyambira 1912, ndipo anapemphera m'Cinyanja. Ayao anamanga mizikiti. Acewa anafuna malo obisika m'mbali mwa mitsinje, napanga dambwe, ndipo Gule Wamkulu anaturuka pa maliro ndi pa masiku a cisangalalo, Amashona namacha zirombozo zvigure, ena pocita mantha, ena ponyoza.

Kodi kumeneku tikuche kukana kusintha? Inde, ndi kukana ndithu, ndipo kunawasunga amoyo. Munthu amene aitanidwa ndi dzina la cipongwe tsiku ndi tsiku afunika malo amodzi pamene ali munthu wathunthu. Koma kunali ndi mtengo wace, ndipo amene analipira ndi ana. Bambo amene ati mawa tipita kwathu safulumira kukalembetsa mwana ku ofesi, sasamala kuti pa citupa alembapo ciani. Ena analibe ndi mapepala omwe ofunika polembetsa, ndipo maofesiwo sanali ofewa kwa mlendo. Ana anakula ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo, m'dziko lomwe mcombo wao unagwera.

Tsono mikondo inabwera. Mu 2000 mapulazi a Azungu anayamba kulandidwa, ndipo anchito ambiri a mtundu wathu anasowa pokhala. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa: ali yense amene akanatha kuwerengedwa nzika ya dziko lina anauzidwa kuti akakane unzika umenewo m'miyezi isanu ndi umodzi, apo ai ataya wa Zimbabwe. Anthu obadwira ku St Mary's, amene sanaonepo nyanja ya Malawi, anauzidwa kukana cinthu cimene sanakhale naco, ndipo ambiri analephera kuponya voti mu 2002. Mu May 2005 kunadza Murambatsvina, pamene Boma linagwetsa nyumba ndi misika imene linati njosaloledwa. Chitungwiza, kumene mabanja ambiri anali kukhala m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba, inapwetekeka kwambiri. Nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inawerengera kuti m'dziko lonse anthu ngati 700,000 anataya nyumba kapena nchito. Anthu anauzidwa kubwerera kumidzi kwao. Mshona anali ndi kopita, ngakhale kowawa. Mdzukulu wa mcona anaima pa zidutswa za njerwa wosadziwa kuti kumudzi kumene anena ndi kuti. Ena anayesadi kupita ku Malawi, nakapeza kuti kumeneko awacha a ku Harare, ndi kuti Cicewa cao cisekedwa.

Zonsezi sizinamtembenuze mkulu uja wa sutikesi. Zinangomuuza kuti anali kunena zoona, kuti dziko la eni ndi la eni. Cimene cinamlasa ndi cina, ndipo cinalowa mwakacetecete. Ndi kamdzukulu kamene akakafunsa m'Cicewa kayankha m'Cishona, kosadziwa kuti kalasa munthu. Ndi mwana wamkazi amene anakwatiwa ndi mnyamata wa kwa Seke, akuciuno nadzapereka ng'ombe, cinthu cimene mkulu wa cikamwini sanaciganizirepo kuti adzalandira. Ndi tsiku limene anaika mkazi wace m'manda a ku Chitungwiza, nazindikira kuti akakwera basi ya ku Blantyre adzamsiya yekha. Pa zimenezi sanakangane ndi munthu. Anadandaula pang'ono, monga acita akulu, nalandira ng'ombezo.

Ndipo monga m'nkhani ya Selous mwana ndiye anathamanga kukapulumutsa mudzi, kunonso ana omwewo ndiwo anaima m'mizere ya ku maofesi, nafunsa, naumirira kuti iwo ndi a konkuno. Malamulo akulu a dziko la Zimbabwe a 2013 anabvomereza kuti munthu wobadwira m'dzikomo malamulowo asanakhazikike, amene kholo lace linali nzika ya dziko lina la m'bungwe la SADC, monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo iye akhala m'Zimbabwe, ndi nzika mwa kubadwa. Kusintha citupa ceniceni kwakhala kwa pang'onopang'ono, cifukwa ofesi ifuna kalata ya kubadwa imene agogo sanatenge. Ndipo akalipo ena amene afikira ukalamba opanda pepala liri lonse.

M'caka comwe cija ca 2005, nyumba zitagwa m'nyengo ya cisanu, bungwe la UNESCO linachula Gule Wamkulu kuti ndi cuma ca anthu a dziko lonse lapansi, nalemba maiko atatu: Malawi, Mozambique ndi Zambia. Zimbabwe sanalembedwe. Koma ku St Mary's ndi ku Zengeza ng'oma ziombabe pa maliro a mkulu wa mtundu wathu, zirombo zituruka pfumbi liri koboo, ndipo akazi oomba m'manja ayimba nyimbo m'Cicewa cimene ena a iwo sacilankhula kunyumba. Nyimbo ikatha atembenukirana nafunsana za mtengo wa basi ya ku Harare, m'Cishona.